Ndani Achitira Katswiri Umboni?

Pali funso limene munthu aliyense wofika ku England kudzafuna ntchito amakumana nalo m'masiku ake oyamba, asanazolowere n'komwe chisanu cha dzikolo, ndipo funsolo ndi lakuti: kodi inu mumatha chiyani? Kwathu munthu wamkulu samufunsa funso lotere, pakuti mudzi wonse udziwa kale amene ayenera kuitanidwa denga likayamba kudontha, amene ayenera kudzutsidwa usiku mayi akavutika pochira, ndi amene bwalo liyenera kumudikira mlandu ukavuta. Koma m'tauni ya Romford, kum'mawa kwa mzinda wa London, kumene sitima zimatsitsa anthu a mitundu yonse m'mawa ndi madzulo, palibe amene anakuonani mukukula, ndipo luso lanu, lingakule chotani, liyenera kudzipezera mboni zatsopano. Za mboni zimenezi ndizo ndifuna kuti tikambirane, chifukwa ndikhulupirira kuti kusiyana kwa munthu wodziyesa katswiri ndi katswiri weniweni kwagona pa funso limodzi, lakuti akumuchitira umboni ndani.

Mboni yofulumira kutsegula pakamwa kuposa zonse ndi mwini wake, ndipo anthu ofufuza za maganizo anaiyesa mboni imeneyi pamuyeso naipeza yopepuka. M'chaka cha 1981 Ola Svenson, wa ku Sweden, anafunsa ophunzira a m'mayunivesite a kwawo ndi a ku America kuti adziike pamlingo pa nkhani yoyendetsa galimoto. Mwa a ku America, 93 pa 100 alionse anati luso lawo liposa la theka la anzawo, ndipo mwa a ku Sweden 69 pa 100 alionse ananena chimodzimodzi, chinthu chimene masamu sangachilole. Kenaka mu 1999 David Dunning ndi Justin Kruger, a ku yunivesite ya Cornell, anapatsa ophunzira mayeso a galamala, a kulingalira, ndi a kuzindikira nthabwala yabwino, napempha kuti aliyense anene mmene akuganizira kuti wakhozera; anapeza kuti amene anali kumchira ndiwo anadziika kutali kwambiri ndi malo awo enieni, pamene okhoza zedi anadzitsitsako pang'ono. Ofufuza anzawo ena atsutsa kamasuliridwe ka zotsatirazo, ndipo mkanganowo sunathe. Komabe chifukwa chimene awiriwo anapereka n'chomveka kwa aliyense amene anaphunzitsapo mwana ntchito, chakuti diso lofunika kuti uone kulakwa kwako ndi lomwelo lofunika kuti usalakwe, kotero kuti wosadziwa amasowa ziwiri zonsezi nthawi imodzi. Makolo anaziona kale zimenezi pamene anati kunena kwa ndithendithe Nanthambwe anadzitengera.

Sindinena izi monyoza, pakuti munthu wosadzikhulupirira m'pang'ono pomwe sangayambe ntchito iliyonse. Koma taonani mtundu wa zinthu zimene anthufe timakonda kudzitama nazo. Timati tidziwa kulera ana, kuwerenga mtima wa munthu pankhope pake, kulangiza mabanja, kumasulira ndale za dziko, kusankha osewera mpira koposa mphunzitsi wa timu. Ndipo zonsezi n'zinthu zimene yankho lake limachedwa kufika, kapena likafika limatipeza takonza kale munthu wina womuloza chala. Simudzamva mnyamata wa ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay akudzitama kuti atha kusambira pamene satha, chifukwa nyanja imayankha pomwepo, ndipo yankho lake silibwezedwa. Luso lenileni limamera kumene ntchito imayankha msanga ndi mosakondera, ndipo Romford ili nawo malo angapo otere.

Tauniyi inakulira pamsika. Mu 1247 Mfumu Henry III inalamula kuti pakhale msika Lachitatu lililonse, ndipo mwa lamulo la masiku amenewo msika wina sunaloledwe kutsegulidwa pafupi kuposa mtunda umene nkhosa zingayende pa tsiku limodzi, ndiwo mamailosi 6 ndi magawo awiri mwa atatu a mailosi imodzi. Kwa zaka mazana ambiri alimi a ku Essex ankadza ndi ziweto zawo pabwalo lalikulu la patsogolo pa tchalitchi cha St Edward the Confessor, kufikira msika wa ng'ombe unatsekedwa mu 1958. Malonda ena akuchitikabe pabwalo lomwelo kufikira lero. Imani pa benchi la nsomba, muyang'ane manja a wogulitsa: mpeni ulowa kuseri kwa mutu, nuyenda motsata fupa la msana, mnofu n'kugwera mbali imodzi wopanda munga, ndipo nthawi yonseyo maso ake ali pa mayi wofunsa mtengo, pakamwa pake pakuwerengera munthu wina chenji. Mukamufunsa kuti amachita bwanji sangakufotokozereni bwino. Angotenga nsomba ina n'kukuonetsaninso. Mboni yake ndi wogula amene abweranso sabata yamawa, ndipo mboni imeneyo siilandira chiphuphu, pakuti ipereka umboni wake ndi ndalama za m'thumba mwake.

Koma wogula aona zochepa. Mayi wogula mtondo adziwa ngati ukusinja bwino, koma sadziwa ngati wosemayo anasankha mtengo woyenera, wosang'aluka chilimwe chikadza. Chimenecho achiona ndi wosema mnzake. N'chifukwa chake mitundu yambiri ya anthu inaika chiweruzo cha luso m'manja mwa amisiri okhaokha. Ku England lamulo la mu 1563, m'masiku a Mfumukazi Elizabeth I, linaletsa munthu kugwira ntchito ya umisiri asanatumikire zaka 7 pansi pa mmisiri wamkulu, ndipo mbali imeneyi ya lamulo inakhalapo mpaka 1814. Ku Romford ntchito yaikulu inali yofulula mowa: fakitale yake inayamba mu 1708, inagulidwa ndi Edward Ind mu 1799, inatchuka ndi dzina la Ind Coope, ndipo inatsekedwa mu 1993, pamalopo lero pali masitolo, ndipo m'kachigawo kena ka nyumba zake zakale muli Havering Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya deralo, imene inatsegulidwa mu 2010. Mafakitale a mowa a nthawi imeneyo ankadalira amisiri opanga migolo yamatabwa, anthu odziwa kupala matabwa ambiri opindika, lililonse pa mlingo wake, n'kuwamanga ndi mikombero yachitsulo popanda msomali kapena guluu, mgolo n'kutuluka wosadontha ngakhale dontho limodzi. Mnyamata ankaphunzira ntchitoyo monga ankaphunzirira mwana wa wosula kwathu, amene ankatha nyengo zambiri akupopa mvukuto pachipala, akuyang'ana mtundu wa chitsulo m'moto, asanaloledwe kugwira nyundo. Migolo yachitsulo itafika, amisiri amenewo anasowa wowafuna, ndipo m'dziko lonse la England atsala ochepa kwambiri. Luso lawo silinasanduke bodza chifukwa cha zimenezo, chinatha ndi msika wake.

Kuti tione bwino mmene luso limamangidwira tsiku ndi tsiku, tiyenera kulowa m'chipinda china chamdima chosewereramo snooker cha m'tauni yomweyi, chimene mbiri yake inamveka m'dziko lonse. Masewera a snooker afanana ndi pulu imene anyamata amasewera m'misika ya kwathu, koma tebulo lake n'lalikulu, lotalika mafiti pafupifupi 12, maenje ake ndi opanikiza, ndipo pamakhala mipira yofiira 15, ya mitundu ina 6, ndi woyera umodzi womenyera. Steve Davis anabadwira ku Plumstead, tsidya lina la mtsinje wa Thames, mu 1957. Bambo ake, a Bill Davis, anamupatsa buku la Joe Davis, katswiri wakale amene anali ngwazi ya dziko lonse kokwana ka 15 ndipo sanali mbale wawo ngakhale dzina lifanana. Bambo ndi mwana analitsata bukulo mosamala, akukonza kaimidwe ka miyendo, kagwiridwe ka ndodo ndi kayendedwe ka mkono, bamboyo ataima pambali monga diso limene mwanayo analibe. Ali mnyamata ndithu anayamba kusewera m'holo ya Lucania ku Romford, kumene anamuona Barry Hearn, wowerengera ndalama amene ankayang'anira maholo a Lucania. Hearn anakhala womuyendetsera zinthu, namutenga kuzungulira dziko kukapikisana ndi osewera otchuka pa ndalama, kuti aphunzire kumenya mpira dzanja likufuna kunjenjemera.

Mu 1981, ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield, Davis anagonjetsa Doug Mountjoy 18 kwa 12 nakhala ngwazi ya dziko lonse; chaka chotsatira anakhala munthu woyamba kupeza mapointi 147 pa ulendo umodzi pamaso pa makamera a wailesi yakanema, ndiko kumwetsa mipira yonse mwa dongosolo lopambana popanda kuphonya; ndipo pofika 1989 anali atatenga ungwazi wa dziko lonse ka 6. Anthu ambiri ankati ndi munthu wotopetsa kumuonera, ena namutcha makina a ku Romford, chifukwa ankaima mofanana, kuwerama mofanana, kumwa madzi ake mwakachetechete, osaonetsa chimwemwe kapena mantha. Ine ndiyesa kuti chimene ankachitcha chotopetsacho ndicho chinali chuma chake chonse. Wosewera wamba amamwetsa mpira wovuta kamodzi nausimba mwezi wathunthu, pamene katswiri amamwetsa mpira wapafupi nthawi chikwi mofanana, ndipo pomenya uno maganizo ake ali kale pa malo amene mpira woyera ukaime kuti wachitatu ndi wachinayi udzakhale wapafupi nawonso. Ntchito ya katswiri kawirikawiri imaoneka yosavuta, chifukwa zovuta anazichotsa m'njira woonera asanazione; ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu wamba timadziyesera kuti nafenso tingathe.

Chaka chimene anthu a kuno amachikumbukira koposa, komabe, ndi 1985, pamene Davis anagonja. Anatsogola 8 kwa 0 polimbana ndi Dennis Taylor wa ku Northern Ireland, Taylor namukwawira pang'onopang'ono kufikira anafanana 17 kwa 17, ndipo mpikisano wonse wa masabata awiri unatsalira pa mpira umodzi wakuda, pakati pa usiku patapitirira, anthu 18.5 miliyoni akuonera m'nyumba zawo. Davis anapeza mpata woumwetsa, naumenya mopyapyala kwambiri, mpirawo nuima poyera, Taylor anaumwetsa. Chaka chotsatira Davis anafikanso kumapeto nagonjanso kwa Joe Johnson. Munthu wongodziyesa katswiri akadapeza chifukwa pa nsalu ya tebulo kapena pa phokoso la anthu. Iye anabwerera ku tebulo lake lophunzirira, napambana mu 1987, mu 1988, ndi mu 1989, pamene anagonjetsa John Parrott 18 kwa 3. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Pakati pa zizindikiro zonse za ukatswiri, chimene ndichikhulupirira koposa ndi ichi, chakuti munthuyo atha kuloza malo enieni amene analakwira, kukula kwa kulakwako, ndi chimene adzasinthe mawa.

Ofufuza anayesa kuwerenga mtengo wa luso lotere. Mu 1993 Anders Ericsson ndi anzake anafufuza ophunzira oimba vayolini pa sukulu ya zoimbaimba ku Berlin, napeza kuti opambana anali atathera maola pafupifupi 10,000 akudziphunzitsa pofika zaka 20 zakubadwa, kuposa anzawo otsika. Ndipo chiwerengerocho chinafala padziko lonse Malcolm Gladwell atachilemba m'buku lake la mu 2008. Ericsson mwini wake anadandaula kuti anthu anagwira nambala nataya phunziro, pakuti maola amene iye ankanena ndi a munthu wolimbana dala ndi chimene chikumukanika, pamaso pa mphunzitsi womudzudzula. Munthu angathe kuyendetsa minibasi zaka makumi awiri akubwereza zolakwa za chaka chake choyamba.

Mukatuluka pa siteshoni ya Romford mupeza matakisi akuda atandanda, ndipo oyendetsa ake ndi anthu amene luso lawo linayesedwa mwa njira yowawa kuposa ya madigiri ambiri. Chiyambire 1865, munthu wofuna kuyendetsa takisi yotere mu London ayenera kukhoza mayeso otchedwa The Knowledge. Wofuna beji yobiriwira, yomulola kunyamula anthu mumzinda wonse, aloweza pamtima njira 320 zoyambira, pamodzi ndi misewu zikwi zambiri ndi nyumba zodziwika zonse za m'kati mwa mamailosi 6 kuchokera pa Charing Cross. Wofuna beji yachikasu aphunzira chigawo chimodzi cha kunja kwa mzinda, monga chino cha Havering ndi maboma oyandikana nacho. Ophunzirawo amayenda pa njinga zamoto, mapu atapanikizidwa patsogolo, m'mvula ndi m'chisanu, kawirikawiri zaka zitatu kapena zinayi, ndipo nthawi ndi nthawi amakaonekera pamaso pa woyesa, amene amatchula malo awiri, wophunzirayo n'kunena pakamwa msewu uliwonse ndi pokhota paliponse, popanda pepala m'manja. Ambiri amasiyira panjira. Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anajambula ubongo wa madalaivala amenewa napeza kuti mbali ya kumbuyo ya kachigawo kosunga chikumbukiro cha malo, kotchedwa hippocampus, inali yokulirapo kuposa ya anthu ena. Ndipo pa kafukufuku wina wa mu 2011, amene anatsata ophunzira kuyambira pachiyambi, kukulako kunaoneka mwa amene anakhoza okha. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso chinthu chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chakuti pa mayeso ena a kukumbukira zithunzi madalaivalawo anatsika kuposa anthu wamba. Luso limalipiritsa, ndipo limakhala ndi malire. Katswiri wa misewu ya London ndi mlendo m'misewu ya Ndirande, ndipo dokotala wodziwa mtima sayenera kumvedwa ngati mneneri akayamba kulankhula za feteleza.

Tsopano ndifike pa anthu a kwathu, amene nkhaniyi iwakhudza pamtima. Chipatala chachikulu cha tauniyi, Queen's Hospital, chinatsegulidwa mu 2006 m'malo mwa chakale cha Oldchurch, ndipo monga zipatala zonse za mu London chimayenda ndi manja a anamwino ndi madokotala ochokera ku Africa, ku India, ku Philippines ndi ku maiko ena ambiri. Namwino wophunzira kunja, angakhale anagwira ntchito zaka zingati, saloledwa kugwira unamwino m'dziko lino asanalembedwe m'kaundula wa bungwe la Nursing and Midwifery Council; ayenera kuonetsa kuti adziwa Chingerezi, kulemba mayeso a pakompyuta, ndi kudutsa mayeso a manja otchedwa OSCE, m'mene amayenda zigawo 10, akusamalira zidole ndi anthu ochita sewero la kudwala, woyesa ali pambali ndi cholembera. Lingalirani mzamba amene anachiritsa amayi osawerengeka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, magetsi atazima, dokotala ali kutali, amene manja ake adziwa kagonedwe ka mwana m'mimba asanaone chithunzi chilichonse, tsopano akuphunzitsidwa kunena mokweza kuti wasamba m'manja ndi kuti wafunsa dzina la wodwala, poopa kuti akangochita mwakachetechete woyesa sadzamulembera. Zimawawa, ndipo amene adutsamo sabisa kuti zimawawa.

Njira imeneyi si yatsopano. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, mumzinda wa Nashville ku America, mu 1937. Koma popeza maiko a pansi pa Britain ankafuna mapepala a ku Britain, anapita ku Edinburgh kukaphunziranso, nalandira ziyeneretso zake mu 1941, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields, ndi ku Harlesden mu London. Mutu wake sunasinthe pakati pa nyanja. Chimene chinasintha ndi anthu oyenera kumukhulupirira.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga poyera, ngakhale ena sadzakondwa nawo. Mayeso amenewa sindiwayesa chipongwe. Wodwala wogona pabedi ku Romford sanakhalepo ku Mchinji kapena ku Mulanje, sangafunse mfumu ya kumeneko kapena amayi amene mzambayo anawathandiza. Pepala ndilo limaima m'malo mwa mudzi wonse umene sungathe kudza kudzachitira umboni, ndipo munthu wofooka, amene sangathe kudziyesera yekha womusamalira, ali nawo ufulu wofuna umboni wotere. Cholakwa chimayamba pamene osunga zipata aiwala kuti pepala ndi mthenga chabe, nayamba kuyesa kuti chimene sichinalembedwe kulibe. Paja akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Namwino amene anakulira pakati pa malungo, chifuwa chachikulu ndi matenda a kuchepa kwa magazi adziwa nkhope ya matenda amene anzake a kuno anangowawerenga m'buku, ndipo anaphunzira kuyeza wodwala ndi maso, khutu ndi dzanja kumene makina kunalibe. Chipatala chanzeru chimamufunsa zimene adziwa, sichingomuphunzitsa zimene sadziwa.

Pali gulu linanso limene luso lake lilibe ngakhale dzina. M'misewu ya Romford ndi madera ozungulira muli nyumba zambiri zosamaliramo okalamba, ndipo ambiri ogwiramo ntchito ndi anthu ochokera kunja, ena mwa iwo aphunzitsi, akalaliki ndi owerengera ndalama kumaiko kwawo. Satifiketi yoyambira ntchitoyi, imene inakhazikitsidwa mu 2015, munthu amaimaliza m'masabata owerengeka, ndipo malipiro a ntchitoyi ali pafupi ndi otsikitsitsa amene lamulo lilola. Chotero anthu amaiyesa ntchito ya aliyense, ndipo oigwira okha akafunsidwa chimene atha amatchula uphunzitsi umene anausiya kwawo. Koma taonani mayi amene waigwira zaka zambiri akulowa m'chipinda cha gogo wodwala matenda oiwala. Sayamba ndi kuyatsa nyali yaikulu. Aima pamene gogoyo angamuone, natchula dzina lake, nafunditsa manja ake asanamukhudze, ndipo pomudzutsa adziwa mbali imene chiuno chimapweteka. Aona kuti tiyi wa dzulo sanamwedwe, kuti gogo amene amakonda kung'ung'udza nyimbo lero ali duu, kuti akukwiya popanda chifukwa. Ndipo asanafike namwino iye waganiza kale za matenda a m'chikhodzodzo, amene mwa okalamba amayamba kuonekera mwa kusokonezeka kwa mutu thupi lisanatenthe. Kuzindikira kotere kumapulumutsa moyo, ndipo kumamangidwa mwa njira yomweyo imene Davis anamangira dzanja lake, mwa kubwereza, kulakwa, ndi kukonzedwa. Mboni zake zokha ndizo zofooka, pakuti gogoyo sadzakumbukira, ndipo achibale amadza Lamulungu masana zonse zitakonzedwa kale. Ndikadakonda kuti abale athu ogwira ntchito imeneyi aleke kuitchula motsitsa mawu.

Kwathu nakonso tili ndi matenda athu pa nkhani ya mapepala, ndipo ndi a mbali ziwiri. Tilemekeza dzina la udokotala ngakhale la ulemu chabe, lopatsidwa pa mwambo wa tsiku limodzi, kufikira munthu amakwiya mukaiwala kulitchula. Ndipo nthawi yomweyo timapereka galimoto, nyumba, ngakhale thupi la mwana kwa aliyense wolankhula molimba mtima. Pamene tikutero, mbiri yathu yomwe itiuza kuti luso silidikira chilolezo nthawi zonse. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, mbusa amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi amuna a m'deralo amene anali asanamangepo nyumba yotere, akuumba ndi kuwotcha njerwa zawo pomwepo. Chaima zaka zoposa 130, ndipo mvula ya chaka chilichonse yakhala woyesa wake. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zithunzi za m'buku la mulaibulale. Anthu anamuseka kufikira babu linayaka. Koma tisaiwale chimene anachita pambuyo pake: anabwerera kusukulu, namaliza ku Dartmouth College mu 2014, chifukwa babu loyakalo linamuonetsa kukula kwa zimene anali asanazidziwe. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi udindo wolumikiza mbali ziwirizi, kuti mmisiri wophunzira pa galaja ya ku Biwi kapena pa shedi ya akalipentala ku Ndirande ayesedwe ndi kupatsidwa pepala lonena zoona za manja ake. Ndipo ntchito imeneyo ndiiyesa yofunika kuposa mmene timaiwerengera.

Chotsala ndi chimene chimandisowetsa mtendere ndikaona anamwino a kwathu m'mayunifolomu a kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri anachoka ku Malawi kudza ku Britain, kufikira boma linakhazikitsa ndondomeko yapadera mu 2004, mothandizidwa ndi boma la Britain ndi Global Fund, imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 pa 100 ndi kukulitsa sukulu zowaphunzitsa. Ndondomekoyo inathandizadi, ndipo chiwerengero cha omaliza maphunziro chinakwera. Wochokayo sindimuweruza, pakuti ali ndi ana ofuna fizi ndi makolo ofuna mankhwala, ndipo wantchito ayenera malipiro ake. Koma powerenga otuluka m'dziko timawerenga mitu, ngati kuti namwino wa zaka 20 pantchito ndi wa chaka chimodzi alemera mofanana, pamene wamkuluyo akanyamuka amanyamula diso limene likadaima kumbuyo kwa achinyamata khumi, kuwagwira dzanja pobaya mtsempha wa khanda, ndi kuwauza modekha kuti apa mwalakwa, yambaninso. Sukulu itha kutulutsa anamwino mazana m'zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ikuwatulutsadi; sisitala woyang'anira wodi, wakuti awaumbe kufikira akhale odalirika, amatenga zaka zoposa khumi kuti apezeke. Amene akonza bajeti ya zaumoyo ku Capital Hill ayenera kumuwerengera payekha munthu ameneyo, ndi kufunafuna njira yakuti akatswiri athu okhala ku Romford, ku Manchester ndi ku Dublin azitha kubwera kwa miyezi ingapo pa chaka kudzaphunzitsa m'mawodi, popanda kuvutika ndi zilolezo kumbali zonse ziwiri.